Belu la kamera likasintha mwini, musaiwale za akaunti

Nyumba zina m'tauni muno tsopano zili ndi mabelu a kamera pageti, monga a Ring, kampani yomwe Amazon inagula mu 2018. Anthu akamagulitsana kapena kusiyirana mabeluwa posamuka, ndaona kuti ena amangopatsana chipangizocho basi. Apa ndiye pagona vuto: belu la Ring limakhala ndi mwini mmodzi yekha, ndipo limalembedwa mu akaunti yake. Olo mudine kabatani ka reset kangati, umwini susintha ayi.

Mwini wakale achite izi:

1. Asunge kaye mavidiyo amene akuwafuna, chifukwa amafufutika belu likachotsedwa mu akaunti.
2. Mu app ya Ring asankhe belulo, alowe pa Device Settings, kenako General Settings, adine Remove This Device.
3. Athetse pulani yolipira ngati anali nayo, poti kuchotsa belu pakokha sikuletsa kampani kumamudulabe ndalama.

Zikatero, mwini watsopano atsegule akaunti yakeyake, adine Set Up a Device, ajambule QR code ya belulo, n'kulilumikiza ku Wi-Fi ya pakhomo pake.

Chonde, musangolandira password ya mnzanuyo pofuna kuti zithe msanga. Mukatero, iyeyo azionabe aliyense wofika panu, azidziwa nthawi imene ana amatsala okha, ndiponso azimva zimene mukukambirana pageti. Langizo langa ndi ili: ndalama muzipereka belu litachotsedwa kale mu akaunti yake, inuyo mukuonerera ndi maso anu.