David Driskell, mwana wa mbusa amene anafukula mbiri ya amisiri akuda

Mu 1976, nyumba yosungira zaluso ya Los Angeles County Museum of Art inatsegula chionetsero chotchedwa Two Centuries of Black American Art. M'zipinda zake munadzaza ntchito zoposa 200 za amisiri akuda 63, zopangidwa pakati pa 1750 ndi 1950: zithunzi za Joshua Johnson, Robert Duncanson ndi Henry Ossawa Tanner, komanso mtsuko wadothi woumbidwa ndi kapolo wotchedwa Dave. Nthawi imeneyo mabuku ambiri a mbiri ya zaluso ku America sankawatchula n'komwe anthu amenewa. Amene anazisonkhanitsa zonsezi, mwina kuchita kuzipempha m'makomo mwa eni ake, anali Pulofesa David Driskell.

Iye anabadwa pa 7 Juni 1931 ku Eatonton, m'chigawo cha Georgia, ndipo anakulira kumapiri a North Carolina. Bambo ake anali mbusa wa mpingo wa Baptist amene ankajambulanso zithunzi, pomwe mayi ake ankasoka zofunda polumikiza zigamba za nsalu. Luso analionera pakhomo asanalimve m'kalasi.

Ku Howard University, ku Washington, anakumana ndi James A. Porter, mlembi wa buku la Modern Negro Art la mu 1943. Porter ndiye anamulangiza kuti kugwira burashi kokha sikukwanira, aphunzirenso mbiri ya amene anajambula iye asanabadwe. Driskell sanasiye chilichonse mwa ziwirizi. Mu 1956 anajambula Behold Thy Son, chithunzi cha mayi atafungatira mtembo wa mwana wake wotambasula manja ngati pamtanda, polira Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 yemwe azungu anamupha ku Mississippi chaka chapitacho.

Anaphunzitsa ku Talladega College, kenako ku Howard komweko. Mu 1966 anapita ku Fisk University ku Nashville kukalowa m'malo mwa mmisiri Aaron Douglas, ndipo kumeneko ndi kumene ntchito yake inazika mizu. Ankakonza zionetsero motsatizana, chilichonse n'kuchilembera kabuku kake. Timabukuti tinkaoneka ngati tachabechabe, komatu kwa amisiri ena tinali umboni woyamba wosindikizidwa wakuti iwo analipo ndipo anagwira ntchito. Ntchito yachete imeneyi ndi yofunika kuposa mamendulo onse amene anadzalandira pambuyo pake, chifukwa popanda iyo chionetsero cha mu 1976 chikanasowa poyambira. Chitachoka ku Los Angeles, chinakaonetsedwanso ku Atlanta, Dallas ndi Brooklyn.

Mu 1970 anakaphunzitsakonso kanthawi ku yunivesite ya Ife ku Nigeria, ndipo nkhope za zinyau za ku Africa zinkaonekera kawirikawiri m'zojambula zake.

Kuyambira 1977 mpaka 1998 anali ku University of Maryland. Koma utumiki wake sunathere pageti la sukulu. Anakonza zithunzi za m'mawindo agalasi lamitundumitundu a tchalitchi cha Peoples Congregational ku Washington, komwe ankapemphera, ndi a kachisi wa DeForest ku Talladega, kuti anthu wamba azikumana ndi luso Lamulungu lililonse osalipira kanthu. Analangizanso White House pogula chithunzi cha Tanner chotchedwa Sand Dunes at Sunset, Atlantic City, choyamba cha mmisiri wakuda kulowa m'gulu la zithunzi zokhazikika za nyumbayo. Mu 2000 Pulezidenti Bill Clinton anamuveka mendulo ya National Humanities Medal, ndipo chaka chotsatira Maryland inatsegula likulu la kafukufuku lotchedwa dzina lake.

Driskell anamwalira ndi Covid-19 pa 1 Epulo 2020, ali ndi zaka 88. Mphoto ya Driskell Prize, yomwe High Museum of Art ya ku Atlanta inayambitsa mu 2005, imaperekedwa kwa amisiri ndi ofufuza za luso la anthu akuda. Mu 2018 inapita kwa Amy Sherald, yemwe anajambula chithunzi chovomerezeka cha Michelle Obama.