Kodi gemu ndi ya ndani? Mkangano umene unayambira ku Atari

 Sabata ino ndapatuka pang'ono pa nkhani za silabasi. Ndikufuna tikambe mbiri ya magemu apakanema, omwe aja ana athu amathera ndalama ya mandasi m'tinyumba ta PlayStation m'matauni mwathumu. Ena munena kuti ndi zachibwana, koma ine monga mphunzitsi wa History ndimaonamo funso lomwe timafunsa pophunzitsa za mafakitale ndi antchito ake: chinthu chikapangidwa, mwini wake ndani? Wochilemba, wochigulitsa, kapena mwini makina amene chikuseweredwapo?

Tiyambire ku America. Kampani ya Atari inayamba mu 1972, ndipo mu 1976 mwini wake Nolan Bushnell anaigulitsa kwa Warner Communications. Mu 1977 Atari inatulutsa makina osewerera magemu kunyumba amene pambuyo pake anadziwika kuti Atari 2600. Gemu iliyonse inkabwera m'kabokosi kake kotchedwa katiriji, kolowetsa m'makinawo. Makinawo anali ofooka zedi: malo ake osungira zinthu gemu ili mkati anali mabayiti 128 okha, osakwana ngakhale uthenga umodzi wa SMS wa zilembo 160. Choncho kulemba gemu yokoma kunkafuna mutu weniweni, ndipo kawirikawiri munthu mmodzi ankapanga zonse, zithunzi, phokoso ndi malamulo a masewerawo.

Vuto linali loti olembawa ankangolandira malipiro a pamwezi, ndipo mayina awo sankalembedwa paliponse. Mmodzi mwa iwo, Warren Robinett, anachita kubisa dzina lake m'kachipinda kachinsinsi mkati mwa gemu yake ya Adventure, mabwana osadziwa. Mu 1979 anzake anayi, David Crane, Alan Miller, Bob Whitehead ndi Larry Kaplan, anadandaula kwa bwana wamkulu Ray Kassar kuti magemu awo akubweretsa mamiliyoni a madola, tsono awaganizireko. Malinga ndi mmene Crane amafotokozera, bwanayo anawayankha kuti iwo sanali ofunika kuposa wantchito wolongedza makatiriji m'fakitale. Anayiwo anachoka, nagwirizana ndi Jim Levy kuyambitsa Activision chaka chomwecho. Iyi inali kampani yoyamba kulemba magemu a makina a eni ake. Inkasindikiza dzina ndi chithunzi cha wolemba m'kabuku ka gemu iliyonse, ndipo Pitfall! ya Crane, ya mu 1982, inagulidwa makope opitirira 4 miliyoni.

Atari inakasuma kukhoti, koma mapeto ake anangogwirizana kuti Activision ipitirize ntchito, izipereka kangachepe. Apa olemba magemu anapambana, ndipo ine ndimawayamikira. Koma taonani zimene zinatsatira. Atari 2600 inalibe loko. Khomo litatseguka, aliyense analowa. Ngakhale Quaker Oats, kampani yodziwika ndi phala, inali ndi nthambi yake ya magemu. Masitolo anadzaza ndi magemu osakoma, mitengo inagwa, makolo anatopa kutaya ndalama. Atari nayonso inalakwitsa yokha: gemu ya E.T. inalembedwa mothamanga, m'masabata pafupifupi asanu, kuti ipeze msika wa Khirisimasi wa 1982, ndipo anthu ambiri anaibweza. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mu 1983 Atari inaluza ndalama zoposa madola 500 miliyoni, ndipo makatiriji ochuluka osagulidwa anakakwiriridwa kudzala ku Alamogordo, New Mexico. Ambiri ankayesa nthano chabe mpaka pamene anakawafukula mu 2014.

Tsopano tiwolokere ku Japan. Kumeneko Nintendo inatulutsa makina ake a Famicom mu 1983, ndipo mu 1985 inawapititsa ku America pa dzina loti NES. Mtsogoleri wake Hiroshi Yamauchi anali ataona zimene zinagwera Atari. M'makina opita ku America anaikamo kachipangizo kotchedwa 10NES, kogwira ntchito ngati loko, ndipo kiyi wake ankakhala m'katiriji. Popanda kiyiyo gemu sinkayamba. Wofuna kiyi ankayenera kuvomera malamulo a Nintendo: makatiriji azipangidwa ndi Nintendo yokha, kampani isatulutse magemu opitirira asanu pachaka, ndipo gemuyo isapite pa makina a kampani ina kwa zaka ziwiri.

Mkangano waukulu unagona pamenepa, ndipo mbali zonse zinali ndi mfundo. Nintendo inkati ikuteteza ogula, ndipo zoonadi msika umene unafa mu 1983 unadzukanso. Osindikiza magemu ankati akufinyidwa, poti ankalipiriratu makatiriji, ndipo akapanda kugulidwa woluza anali iwo. Konami inachita kutsegula kampani ina, Ultra Games, kuti ipeze magemu asanu owonjezera. Tengen, nthambi ya Atari Games, inapita patali: inakatenga pulogalamu ya 10NES ku ofesi ya boma yosunga umwini wa zolemba ponama kuti ikuifuna pa mlandu, nipanga kiyi wakewake. Mu 1992 khoti la apilo linaima mbali ya Nintendo chifukwa cha bodzalo. Koma chaka chomwecho, pa mlandu wa Sega ndi Accolade, khoti lina linagamula kuti kuphwasula pulogalamu ya mnzako moona mtima kuti udziwe mmene gemu yako ingayendere pa makina ake si kuba. Mukuona kuti ngakhale oweruza sanapereke khomo lonse kwa munthu mmodzi.

Chimene chinatsitsa Nintendo pampando si khoti ayi, koma luso latsopano ndi anzake amene inawakhumudwitsa. Inkapanga limodzi ndi Sony makina owerenga zimbale za CD. Mu June 1991, pa chionetsero cha zamagetsi ku Chicago, Sony inalengeza za makinawo, koma tsiku lotsatira Nintendo inalengeza kuti igwira ntchito ndi Philips, poopa kuti Sony ndiyo izilamulira phindu la magemu a pazimbale. Injiniya wa Sony, Ken Kutaragi, anakakamira kuti ntchitoyo isafe, ndipo mu December 1994 PlayStation inatuluka ku Japan. Nintendo 64 itabwera mu 1996 inakhalabe pa makatiriji. Anali ndi ubwino wake, gemu inkayamba msanga ndipo kukopera mwakuba kunali kovuta. Koma katiriji yaikulu kwambiri inkasunga mamegabayiti 64, pamene chimbale chimodzi chinkasunga pafupifupi 650, komanso chinali chotchipa kupanga. Kampani ya Square, imene magemu ake a Final Fantasy ankatuluka pa makina a Nintendo kuyambira pachiyambi, inasamukira kwa Sony, ndipo Final Fantasy VII inatuluka pa PlayStation mu 1997, pa zimbale zitatu. Pomaliza PlayStation inagulidwa makina opitirira 100 miliyoni, Nintendo 64 pafupifupi 33 miliyoni.

Nanga ine ndikuima pati? Ndimayerekeza mwini makina ndi mwini msika. Akasiya chipata chosatseka, mumalowa katundu wowola ndipo ogula amathawa, monga zinachitikira Atari. Akakweza msonkho n'kumalamula chilichonse, amalonda amapirira kufikira tsiku limene msika wina watsegulidwa tsidya la msewu, monga zinachitikira Nintendo. Koma onse awiri anapunthwa pamwala umodzi: anaiwala kuti anthu sabwera kudzaona mpanda wa msika, amabwera kudzagula katundu. Makina opanda magemu ndi bokosi chabe.

Mkanganowu sunathe. Mu 2020 Epic Games, eni ake a Fortnite, anasumira Apple chifukwa cha 30 peresenti imene Apple inkadula pa malonda a m'magemu a pafoni. Ndipo Activision ija, imene inayamba ndi anthu othawa mwini makina, itaphatikizana ndi makampani ena n'kukhala Activision Blizzard, inagulidwa mu 2023 ndi Microsoft, eni ake a Xbox, pa mtengo wa pafupifupi madola 69 biliyoni.

Aphunzitsi anzanga, nkhaniyi ndi yabwino pophunzitsa ana kusiyanitsa choyambitsa ndi chotsatira: afunseni ngati Activision ndiyo inagwetsa msika wa 1983, kapena Atari yokha, muone mmene atsutsirane. Ndipo inu ana anga amene tsopano mukulemba mapulogalamu, nyimbo kapena mabuku, musanasaine pepala lililonse funsani zinthu ziwiri: dzina langa lilembedwa pati, ndipo kiyi wa chitseko asunga ndani? Ndilembereni maganizo anu pansipa.