Kapangidwe ka magudumu a zidole zamatabwa

Pa chidole chilichonse choyenda, luso la mmisiri limaonekera pa gudumu. Kagalimoto kathabwa kakhoza kukongola chotani, koma gudumu likapotoka kamayenda motsimphina, ndipo mwana sachedwa kukataya. Ntchitoyi si yochepa monga imaonekera: kampani ya LEGO, yomwe Ole Kirk Christiansen anaiyambitsa ku Billund m'dziko la Denmark mu 1932, inayamba ndi zidole zamatabwa, kuphatikizapo bakha wa magudumu wokoka ndi chingwe.

Zonse zimayambira pa mtengo. Amisiri a ku Ulaya ndi ku America amakonda mitengo yolimba monga beech ndi maple. Paini ndi wosavuta kudula, koma ndi wofewa, moti bowo la pakati limakula msanga. Thabwa liyeneranso kukhala louma ndithu. Mtengo ukamauma umafota kwambiri m'mimba mwake kusiyana ndi m'litali, choncho gudumu lodulidwa pa thabwa laliwisi limadzasanduka ngati dzira.

Podula, ambiri amagwiritsa ntchito hole saw, macheka ozungulira omwe amamangidwa ku makina oboolera. Pakati pake pamakhala kachitsulo koboolera ka mamilimita pafupifupi 6, kotero gudumu limatuluka ndi bowo lili pakatikati penipeni. Mmisiri amadula thabwa mpaka theka, n'kulitembenuza ndi kumalizira mbali inayo kuti m'mphepete musathetheke. Kenako amalowetsa bawuti m'bowomo, n'kuzungulitsa gudumulo pa makina uku akulisalaza ndi sandipepa. Magudumu onse anayi akamangidwa pa bawuti imodzi, amatuluka ofanana kukula.

Pomanga chidole, magudumu awiri amamatidwa ndi guluu ku kamtengo kowalumikiza, kotchedwa ekiselo. Bowo la m'thupi la chidole limakhala lokulirapo pang'ono kuti kamtengoko kazizungulira momasuka.

Nkhani yaikulu ndi moyo wa mwana. Gudumu likaguluka, khanda limathamangira kuliika m'kamwa ndipo likhoza kutsamwa. Malamulo a ku Ulaya ndi ku America amaletsa chidole cha ana osakwana zaka zitatu kukhala ndi kachidutswa komwe kangalowe konse m'kachitini koyesera ka mamilimita 31.7 m'mimba mwake. Penti wokhala ndi mtovu nayenso ndi woopsa chifukwa amaononga ubongo wa mwana. N'chifukwa chake mmisiri wosamala amayamba wakoka gudumu lililonse mwamphamvu chidole chisanachoke m'manja mwake.