Zipatala za ku Malambo: za Mishoni ndi za Boma

Dziko la Akunda, limene eni ace alicha Malambo, ndi cigwa ca Luangwa, dziko lotentha, la malungo ndi kashembe. Nthenda ya kaodzera ya mtundu woopsa inadziwika bwino kwa asing'anga a ku Ulaya mu 1910, pamene anaunika mwazi wa Mzungu wina amene anaitenga m'cigwa comweci. Boma la Azungu linacita mantha ndi nthendayo koposa, koma za mai wobala ndi mwana wa malungo silinasamale kweni-kweni. Nchito imeneyo inatsalira a mishoni.

Kwa Msoro, pafupi ndi mtsinje wa Lupande, kunafika wansembe Wacicewa wa mpingo wa Anglican, Leonard Kamungu, amene anamwalira komweko mu 1913. Pa malo amene iye anayamba ndipo panadzakula cipatala ca St Luke's. Nao a Dutch Reformed anamanga cao ku Kamoto. Mu 1948 a Anglican anatsegulanso St Francis ku Katete, kumtunda, ndipo odwala kwambiri a kwa Msoro ankatumizidwa kumeneko.

Ufulu utabwera mu 1964, boma la Dr Kenneth Kaunda linati mankhwala akhale aulere kwa onse. Mu 1970 mipingo inagwirizana m'bungwe limodzi la zipatala zao, ndipo m'kupita kwa nthawi boma linayamba kulipira anchito ambiri a m'zipatalazo. Tsono munthu wofunsa kuti cabwino nciti, ca mishoni kapena ca boma, afunsa cinthu cobvuta kuyankha ku Malambo: nyumba nja mpingo, namwino ngwa boma, ndipo mankhwala akatha ku boma nako kumishoni asowa.

Cimene cinalasa anthu wamba ndico malipiro. Mtengo wa mkuwa utagwa, cuma ca dziko cinacepa, ndipo m'zaka zoyamba za ulamuliro wa Frederick Chiluba odwala anayamba kulipira pakhomo. Ndalamayo inaoneka yaing'ono kwa amene anailemba ku Lusaka. Kwa mlimi wa kwa Nsefu kapena kwa Malama, amene aona ndalama kamodzi pa caka atagulitsa thonje, ndiponso njobvu zitamdyera cimanga, inali yokwanira kumsunga kunyumba kufikira nthenda itakula. Boma la Levy Mwanawasa linacotsa malipirowo m'maboma a kumidzi mu 2006, ndipo linacita bwino, ngakhale linacedwa.

Za madokotala olipira, amene acuruka m'mizinda, nkhani yao njaifupi kuno. Nkhalango ya South Luangwa italengezedwa mu 1972, alendo acuma anayamba kufika ku Mfuwe, ndipo eni misasa ya alendo anasonkha ndalama zoitanira dokotala, amene ankaonanso odwala pa kacipatala ka boma kwa Kakumbi. Mlendo akadwala kwambiri ankanyamulidwa pa ndege. Koma m'dzinja, Lupande atasefukira ndi kudula njira, mai wa tsidya lina wobvutika pa kubala ankanyamulidwa pa njinga kapena pa macila, kuyembekeza madzi aphwe.