Amalonda a ku Kachulu ndi Nyanja Yomwe Imaphwa

Mu April 1859, David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanja ya Chilwa. Panthawiyo malonda anali kale mbali ya moyo wa anthu a m'derali. Amayi a Chimang'anja ankatcheza mchere kuchokera m'dothi la m'mphepete mwa nyanja n'kumasinthanitsa ndi chakudya ndi makasu. M'zaka za m'ma 1860 kunafika Ayao, omwe anazolowera maulendo a malonda opita kugombe la nyanja ya mchere, ndipo m'madera a mafumu monga Malemia ndi Kawinga Chisilamu chinazika mizu pambuyo pake. Mbiri ya malonda a m'dera lino ndi yakale, koma chimene chaumba khalidwe la amalonda ake koposa ndi nyanjayi.

Chilwa ndi nyanja yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Mvula ikavuta kwa zaka zotsatizana, dzuwa limamwa madzi onse. Zinatero mu 1968, zinabwerezanso mu 1995, ndipo mu 2012 ndi 2018 madzi anathawanso, mpaka anthu ankayenda wapansi kuchoka padoko la Kachulu kupita pachilumba cha Chisi.

Pamene nyanja ili ndi madzi, Kachulu samagona. Asodzi amakhala masabata ambiri m'zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa njedza. Amayi amagula matemba n'kuyanika pathandala, makumba ndi milamba amaziwamba, kenaka madengu amakwera njinga ndi magalimoto kupita ku Jali, ku Zomba ndi ku Limbe. Pa msodzi mmodzi pamadya wosema bwato, wosoka maukonde, wogulitsa nkhuni ndi mayi wophika tiyi. N'chifukwa chake nyanja ikaphwa, mpamba wa mudzi wonse umaphwera limodzi. Mabwato amang'ambika pamatope ouma, ndipo ngongole imatsala pakhomo.

Komabe mibadwo ya amalonda a kuno sinataye mtima. Ena ankatsatira nsomba ku nyanja za Malombe ndi Malawi, n'kumabwera nazo kudzagulitsa kwa makasitomala awo akale. Ena ankalowa m'masikimu a mpunga a Likangala ndi Domasi, kapena kulima pa nthaka yachinyontho imene madzi asiya. Ena ankaluka mphasa, ena kugwira mbalame za m'dambo. Chachikulu chinali kusadya mpamba wonse, kuti madzi akabwerera pakhale poyambira.

Kuphwa kwa 1995 kunaphunzitsanso chinthu china. Nsomba zotsala zinabisala m'maiwe a m'mitsinje, ndipo mafumu, asodzi ndi nthambi ya boma yoona za usodzi anagwirizana zoteteza maiwewo. Anthu anali ndi njala, koma ambiri anadziletsa kupha mbewu yotsiriza. Madzi atabwerera, nsombazo zinaswananso. Mu 1996 Chilwa inakhala dambo loyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa mgwirizano wa Ramsar. Kuyambira mu 2010, pulogalamu yothandizidwa ndi dziko la Norway inabweretsa matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa, ndipo magulu a amayi a ku Kachulu anayamba kugulitsa matemba aukhondo opakidwa m'mapaketi.

Kwa Msilamu, mbiri imeneyi ikukumbutsa nkhani ya Mneneri Yusuf (mtendere ukhale pa iye), amene analangiza anthu a ku Iguputo kusunga chakudya m'zaka zisanu ndi ziwiri za mwanaalirenji poyembekezera zaka zisanu ndi ziwiri za chilala. Sabr imene Chisilamu chimaphunzitsa imafuna kuti munthu akonzekere, asunge, ndipo asafooke pofunafuna riziki la halal ngakhale zinthu zitathina. Nthawi ya chilala ndi imene katapila amakola anthu ambiri, ndipo apa ndi pamene chipereganyu, ngongole yopanda chiwongoladzanja komanso zakaat zingapulumutse geni ya mayi wamasiye. Wamalonda amene sanabere pa muyeso nthawi ya zochuluka ndi amene amapeza womukongoza nthawi ya zochepa.

Nyanja ya Chilwa idzaphwanso, monga yachitira kangapo m'zaka zana zapitazi. Ntchito ya mizikiti ndi mabungwe athu a m'dera la Mwambo ndi madera oyandikana nalo ndi kuyamba lero, madzi adakalipo, kukhazikitsa thumba limene lidzasunge mpamba wa amalonda ang'onoang'ono kufikira Allah atabwezeranso mvula.