Zaka 40 za Kulamba: Tikumbukire Ufumu wa ku Mankhamba

Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti mu 2024, pamene mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique adasonkhana pa bwalo la Mkaika ku Katete, padali patapita zaka 40 chidzukire mwambo wa Kulamba, ndipo chaka chomwecho tidakwanitsa zaka 20 chigonere mfumu imene idaudzutsa, Kalonga Gawa Undi X Chivunga. Ambiri a ife kuno ku Chitala sitidapondeko ku Mkaika, ndipo za kumeneko timangomvera pa wailesi kapena kwa anyakwawa athu akabwerako. Komabe chikumbutso chimenechi n'chathu kuposa mmene tiganizira, pakuti ufumu umene amakaulambirawo udakhazikika ndi kukula m'mphepete mwa nyanja yathu yomwe ino.

Munthu akachoka pa Chitala kulowera kummwera, n'kudutsa pa boma la Salima ndi pa Chipoka, amafika ku Mtakataka, ndipo pafupi ndi pamenepo m'pamene padali Mankhamba, likulu la a Kalonga. Lero palibe linga kapena nyumba yoti mlendo n'kuloza, koma nthaka idasunga umboni: katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adapezapo mikanda yagalasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu, kusonyeza kuti mudziwo udali pa malonda ndi maiko akutali Angerezi asanaganize n'komwe zobwera kuno. M'chaka cha 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, ali pa ulendo wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, adachezera Muzura, amene ambiri amamuwerenga pa mndandanda wa a Kalonga, ndipo adampeza ali mfumu ya dziko lalikulu.

Mphamvu ya ufumuwo siidali m'mikondo yokha ayi. Kalonga adali wa mfunda wa Phiri, koma sakadakhala Kalonga popanda Nyangu, mayi wa ufumu, amene bere lake ndilo linkatulutsa olowa m'malo. Mkazi wake wa mwambo, Mwali, ankachokera kwa a Banda, ndipo za mvula zidali m'manja mwa Makewana ku Msinja. Mpando sunkapita kwa mwana wa mfumu, unkapita kwa mwana wa mlongo wake. Lamulo limenelo ndi lomwe ntchembere za m'midzi yathu zikutsatabe zikakhala pansi kusankha munthu woti alowe dzina la mfumu imene yagona. Undi woyamba, kholo la mzere wa a Gawa Undi, pochoka ku Mankhamba kupita ku Mano, m'dera limene lero lili m'chigawo cha Tete, akuti adatenga Nyangu, ndipo chifukwa cha chimenecho mzere wa ufumu udapitirira kwa iye.

Zaka za m'ma 1800 zidali za misozi. Angoni a Maseko adafika ndi nkhondo, malonda a akapolo adakula, ndipo anthu osawerengeka a m'mbali mwa nyanja muno adawolotsedwa pa Nkhotakota kupita ku misika ya ku gombe la kum'mawa, kumene sadabwerereko. Maina awo sadalembedwe paliponse, ndipo pa tsiku la Kulamba ayenera kukumbukiridwa pamodzi ndi mafumu. M'zaka za m'ma 1860 Kalonga Sosola adaphedwa pa nkhondo ndi Ayao, Mankhamba n'kusanduka bwinja. Sitikumbutsa izi kuti tiutse chidani. Zidzukulu za mbali zonse ziwiri zidakwatirana kalekale, ndipo lero mafumu a Chichewa ndi a Chiyao amakhala pa msonkhano umodzi ku khonsolo ya Salima. Tikumbutsa kuti tione kukula kwa chimene chidagwa.

Atsamunda atalanda dziko mu 1891 adapeza mafumu ali ofooka, ndipo adawaumba mwatsopano monga kudawakomera. Lamulo la 1912 lidaika mafumu pansi pa bwanamkubwa kuti azithandiza kutolera msonkho, la 1933 lidawapatsa makhoti ndi timphamvu tochepa, ndipo mu 1934 Kulamba kudaletsedwa. Malire a maiko atatu adang'amba mtundu umodzi, mwakuti mfumu ya kuno sikadathanso kukapereka mitulo kwa mwini wake popanda kuonedwa ngati yogalukira boma.

Nzeru imeneyi Angerezi sadaiyambire kuno. Ku Ireland, m'zaka za m'ma 1540, Mfumu Henry VIII idauza mafumu a mafuko kuti apereke malo awo kwa iyo, kenaka iwabwezere pamodzi ndi maina aulemu a Chingerezi. Conn O'Neill, amene anthu ake ankamudziwa ngati mutu wa fuko la O'Neill, adasanduka Earl of Tyrone mu 1542, ndipo ufumu umene kale fuko linkasankhira mwini wake udayamba kuyenda motsata kalata ya ku London. Mu 1607, nthawi yomwe dzina la Muzura linkamveka kuno, mafumu a mafuko Hugh O'Neill ndi Rory O'Donnell adakwera chombo pa Rathmullan n'kuthawa dziko lawo, ndipo ufumu wa makolo wa ku Ireland sudadzukenso. Dzikolo litadzilamulira, malamulo ake aakulu a 1937 adaletsa boma kupatsa munthu dzina la ufumu. Kuyambira 1944 boma linkangovomereza mwaulemu atsogoleri a mabanja akalewo, koma mu 2003 lidasiya, patapezeka munthu wina amene adachita kupeka mzere wa makolo ake. Kumeneko maina adatsala, koma alibe bwalo, alibe mudzi, alibe mlandu woweruza.

Kwathu kuno sizidathe choncho, ndipo pakati pa anthu amene tiyenera kuwathokoza pali Gawa Undi Chivunga. Adalowa ufumu mu 1953, chaka chimene Chitaganya chidayamba, ndipo adakhala pa mpando zaka zoposa 50. Podzutsa Kulamba mu 1984 adaitana Achewa a maiko onse atatu pa nthawi imene ku Mozambique kudali nkhondo ndipo maboma a Malawi ndi Zambia sankayang'anana bwino. Sadakhale ndi moyo kuti aone Gule Wamkulu akulemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, kapena atsogoleri atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, atakhala pamodzi pa Mkaika mu 2007, koma zonsezo zidamera pa munda umene iye adalima.

Tsono tisanyengedwe ndi kuchuluka kwa anthu ku Mkaika. Chimene mfuti za atsamunda zidalephera kupha chikhoza kufa m'manja mwathu. Lamulo la mafumu la 1967 limapatsa Pulezidenti mphamvu yovomereza ndi kuchotsa mfumu, ndipo taona mafumu akukwezedwa chisankho chikayandikira, ngati kuti ufumu ndi mphoto ya chipani. Taona mbumba imodzi ikugawanika chifukwa cha mswahala, mwana wa mfumu akulimbirana mpando ndi msuweni wake, mwambo wolonga ufumu n'kuimitsidwa ndi chiletso cha khoti mowa utapsa kale. Mudzi umakhala zaka wopanda mfumu, milandu ya malo n'kumaunjikana, ndipo woweruza wa ku tauni ndiye amafunsidwa kuti anene bere loyenera, chinthu chimene agogo aakazi a m'mudzimo akadatha kuchinena tsiku limodzi. Apa ine ndiima ndi ntchembere: ufumu umene umadalira kalata ya boma kuposa mawu a mbumba wayamba kale kuyenda njira ya ku Ireland.

Choncho pempho langa lipite kwa inu eni mbumba a ku Chitala ndi a m'madera a mafumu Khombedza, Kalonga, Mwanza ndi ena onse a m'boma la Salima. Khalani pansi ndi amayi achikulire akadali moyo, akuuzeni mawere a ufumu wanu ndi mmene amasinthanirana, ndipo zimenezo zilembedwe pamaso pa onse maliro asanagwe. Nanunso aphunzitsi, pokonza maulendo a ana a sukulu, musathere ku Senga Bay kokha. Apititseni ku Mankhamba akaone pamene padali likulu la makolo awo.