Malo obenera nyimbo m'boma la Phalombe

Malo obenera nyimbo, omwe ambiri amangowatchula kuti burning centre, ndi kashopu kapena kabenchi kokhala ndi kompyuta komwe munthu amalipira kuti amuikire nyimbo, mavidiyo ndi mafilimu mu memori khadi, mu fulashi kapena mu foni. M'boma la Phalombe malo otere amapezeka pa boma penipeni komanso m'misika monga Migowi, Chiringa, Chitekesa ndi Mulomba. Kwa anthu ambiri akumudzi, iyi ndiyo njira yomwe nyimbo yongotuluka kumene imawafikira. Ena mwa malowa amakhalanso ndi kanema ndi PlayStation zoti achinyamata azisewera polipira.

Dzina

Mawu akuti kubena anachokera ku Chingerezi, pa nthawi imene nyimbo zinkasindikizidwa pa ma CD. Masiku ano palibe chimbale chomwe chimabenedwa, nyimbo zimangokoperedwa kuchoka pa kompyuta kupita mu khadi, koma dzinalo linakanirira.

Mbiri

M'zaka za m'ma 1990 nyimbo za ku Malawi zinkagulitsidwa pa makaseti. Woimba akajambula chimbale chake, mwachitsanzo ku situdiyo ya IY ya Paul Banda ku Balaka, ankapita nacho kwa ogulitsa akuluakulu monga O.G. Issa ku Limbe, ndipo mavenda ankapikula makasetiwo n'kumakagulitsa m'misika ya m'maboma. Phalombe nthawi imeneyo inali mbali ya boma la Mulanje, mpaka mu 1998 pomwe inakhala boma palokha.

Ma CD atabwera, kukopera nyimbo kunaphweka. Koma chomwe chinasinthiratu zinthu ndi mafoni otsika mtengo okhala ndi polowetsa memori khadi, monga a itel ndi Tecno, pamodzi ndi mawailesi ang'onoang'ono otchajidwa ndi dzuwa omwe amawerenga fulashi. Nyimbo imodzi ya MP3 imatenga pafupifupi 3 mpaka 5 MB, choncho khadi ya 2 GB imanyamula nyimbo mazanamazana. Kaseti yomwe inkakhala ndi nyimbo khumi sikanatha kulimbana nazo, ndipo msika wa makaseti ndi zimbale unagwa.

Momwe ntchitoyi imayendera

Mwini malo, yemwe kawirikawiri amakhala mnyamata wotchedwa DJ, amagula bandulo ya intaneti ya TNM kapena Airtel n'kutsitsa nyimbo zatsopano kuchokera pa YouTube, Audiomack, masamba a nyimbo za ku Malawi ndi m'magulu a WhatsApp. Zina amapatsana ndi anzake a ku Limbe, Mulanje kapena Zomba pa hard drive. Nyimbozo amaziika m'mafoda: zauzimu, makwaya, za achinyamata, za ku Zambia, amapiano a ku South Africa, zakale. Wogula amatchula woimba, apo ayi amangonena kuti akufuna zatsopano, DJ n'kumusankhira. Apa m'pomwe pali mphamvu ya DJ. Nyimbo yomwe wayikonda amayiliza tsiku lonse pa sipika ya pakhomo, ndipo imalowa mu khadi ya aliyense wobwera. Ikafika m'mudzi imayenda yokha pa Bluetooth ndi Xender, kuchoka mu foni ya wakabaza kupita ku chigayo, ku chinkhoswe ndi ku bwalo la mpira.

Malonda amayenda bwino tsiku la msika ndiponso nyengo yokolola, anthu akagulitsa nandolo, mpendadzuwa ndi fodya. Makasitomala ena amachokera tsidya la Mozambique, poti bomali lachita malire ndi dzikolo chakum'mawa.

Chomwe chimachititsa kuti malowa asathe ndi magetsi ndi mtengo wa intaneti. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'bomali munali anthu 429,450, ndipo m'dziko lonse mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi. Spotify inayamba kugwira ntchito ku Malawi mu 2021, koma kumvera nyimbo pa intaneti kumadya bandulo nthawi iliyonse, pomwe nyimbo ya mu khadi umalipira kamodzi basi.

Oimba a m'bomali

Kale woimba wakumudzi ankayenera kupita ku Blantyre kukajambula, kenaka n'kukapempha kuti nyimbo yake iulutsidwe pa wailesi ya MBC. Lero kompyuta imodzi ndi maikolofoni m'kachipinda zimakwanira, ndipo oimba ena amakapereka okha nyimbo zawo kwa ma DJ mwaulere kuti zifale. Wodziwika kwambiri wochokera ku Phalombe m'zaka zaposachedwa ndi Giboh Pearson, yemwe nyimbo yake ya Izathera Ma Penalty inatchuka dziko lonse mu 2022. Nyimbo za mtundu umenewu, za kugunda kofulumira ndi mawu a tsiku ndi tsiku, anthu ena a m'tauni ankazinyoza kuti n'zachimidzi, koma mapeto ake n'zomwe zimavinidwa m'maukwati awo omwe.

M'makompyutamu mumapezekanso makwaya a mipingo ya m'deralo ndi mavidiyo a magule a Alhomwe monga tchopa, gule yemwe bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu mu 2014. Zambiri mwa zojambulidwazi sizisungidwa kwina kulikonse, moti kompyuta ikapsa zimatheratu.

Magemu

Malo omwe ali ndi magetsi odalirika amaikanso kanema, mabenchi ndi makina a magemu. Osewera amalipira pa gemu iliyonse, ndipo pena amagwirizana kuti wogonja ndiye alipire. Okondedwa kwambiri ndi a mpira: FIFA, yomwe mu 2023 inasintha dzina kukhala EA Sports FC, ndi PES, yomwe kuyambira 2021 imatchedwa eFootball. Otsatira ndi omenyana monga Mortal Kombat.

Makina ofala si atsopano ayi. PlayStation 2 ya Sony, yomwe inatuluka mu 2000 ndipo inagulidwa yoposa 150 miliyoni padziko lonse, ikugwirabe ntchito limodzi ndi PlayStation 3 ya 2006 ndi PlayStation 4 ya 2013. Ambiri amagulidwa atagwirapo kale ntchito, ena amabwera ndi abale ochokera ku Joni. Makina atsopano, PlayStation 5 ndi Xbox Series X a mu November 2020 komanso Nintendo Switch 2 ya mu June 2025, ndi ovuta kuchitira bizinesi kumudzi. PlayStation 5 inayamba kugulitsidwa pa madola 499, ndipo ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Gemu imodzi yatsopano imatha kupitirira 50 GB ndipo imafuna intaneti pafupipafupi. PlayStation 5 imakoka mawatsi pafupifupi 200, omwe ka sola kakang'ono ndi batire limodzi sizingapirire nthawi yaitali. Makolo ndi aphunzitsi amadandaula kuti ana ena amajomba kusukulu chifukwa cha magemu, dandaulo lomwe linalipo kale pa nkhani ya mavidiyo sho.

Malamulo

Kukopera ndi kugulitsa nyimbo popanda chilolezo cha mwini wake n'kuphwanya lamulo la Copyright Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989. Bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limatolera ndalama m'malo mwa oimba, ndipo lakhala likugwira ntchito ndi apolisi polanda makompyuta a anthu okopera nyimbo mopanda chilolezo. Lamulo la 2016 linatsegulanso njira yoti zipangizo zosungira nyimbo, monga mafoni ndi ma memori khadi, zizilipiridwa kangachepe polowa m'dziko. Ndalamayo imatoleredwa kudzera ku MRA ndipo COSOMA imaigawa kwa aluso omwe analembetsa ntchito zawo.

Oimba sagwirizana pa nkhaniyi. Amene ankapeza ndalama pogulitsa zimbale amati obena anawaphera msika. Ongoyamba kumene amati popanda iwo sakanadziwika, poti ndalama zawo amazipeza akaitanidwa kukaimba osati pogulitsa nyimbo. Woimba wakumudzi yemwe sanalembetse ku COSOMA salandira kanthu pa ndalama ya zipangizo ija, ngakhale nyimbo yake ili mu khadi iliyonse pa Migowi.